Njira ya njinga pa mapu a pafoni: yankho kwa achemwali a ku Bangwe

Achemwali ena a ku Bangwe andilembera imelo. Akufuna kupalasa kuchoka ku Limbe mpaka ku Mulanje, koma pa Google Maps akungoona galimoto ndi kamunthu koyenda pansi. Akufunsa kuti kanjinga kaja kali kuti.

Achemwali, mwandikanda poyabwa. Foni yanu ilibe vuto, kanjingako kuno sikanafike. Google inayamba kulozera njira za apanjinga mu 2010 ku America, ndipo mu 2018 inawonjezera njira za njinga zamoto ku Kenya. Ife a zakapalasa, amene timanyamula makala, mbuzi ngakhale wodwala pa keliyala, tidikire kaye.

Ine ndinakulira pa Humber ya malume, ya mabuleki a ndodo, ndipo njira tinkaifunsa kwa amayi akuchapa kumtsinje. Namondwe wa Freddy atadutsa mu 2023, ndinapita kukaona agogo chakumunsi kwa Thyolo ndikutsata pulogalamu ina ya mapu. Inandikhotetsa bwinobwino m'minda ya tiyi, n'kukandisiya pagombe pomwe panali mlatho. Panatsala zitsulo ziwiri basi. Mkulu wina wa kabaza anangotsika, kukwinya thalauza, njinga paphewa, n'kundiuza kuti, "Bwana, muzitsata mapazi anga, kumanjaku n'kozama." Tinawoloka madzi ali m'ntchafu.

Chimandipweteka n'chakuti mkulu ameneyu amadziwa kanjira kalikonse ka m'deralo, komwe kuli mchenga womeza tayala, komwe agalu amalusa, koma nzeru zake sizili pa mapu alionse. Ndipo tisamangoloza zala azungu. Pa OpenStreetMap, mapu a pa intaneti omwe anayamba mu 2004 ku Britain, aliyense amaloledwa kujambulapo njira kwaulere. Bandulo timaithera pa Facebook kukangana za Bullets ndi Wanderers (inenso ndimakhala momwemo), pomwe kanjira ka kwathu sikanalembedwe ndi munthu. Ndikunenetsa: wa kabaza mmodzi ataphunzitsidwa kujambula, boma lonse la kwawo likhoza kuoneka pa mapu.

Nanga mutani tsono?

Ikani m'foni limodzi mwa mapulogalamu a mapu awa: OsmAnd kapena Organic Maps. Onse amagwiritsa ntchito OpenStreetMap, ali ndi njira za njinga, ndipo mukatsitsiratu mapu a Malawi amayenda popanda netiweki. Musayang'ane makilomita okha, onaninso kamzere koonetsa zitunda. Msewu wa M2 wodzera ku Bvumbwe, Thyolo ndi Luchenza ndi wokongola koma ndi kukwera n'kutsika kokhakokha. Wa Midima, wodzera pa Nkando, ndi wachidule komanso wofewerapo, kungoti maminibasi ake sapatsa ulemu wapanjinga. Nyamukani m'mbandakucha, tengani pampu, mapachi ndi guluu, ndipo mapu akakulozerani kanjira kafumbi nyengo ya dzinja, yambani mwafunsa pa siteji ya kabaza ngati mtsinje ukuwoloketsa.