Kapamba sakuphwa, magazi akungotsika

Mayi wina andilembera imelo. Mwana wawo ali ndi kapamba wotupa, magazi sakukwera, ndipo adokotala atchulapo matenda otchedwa Gaucher. Akufunsa ngati apitirize kumumwetsa chidede.

Mayi, chidedecho chandikhudza pamtima. Mng'ono wanga anakula ndi mimba yolimba gwa kumanzere, pansi pa nthiti. Agogo anamutema mphini pomwepo n'kupakapo mankhwala akuda, zipsera zilipo mpaka lero. Kuchipatala kwathu ankangoti ndi malungo, n'kumupatsa Fansidar. Ife kunyumba ndiye bonongwe, chidede, mazira a nkhuku yomwe amayi ankasungira mbewu. Ukamutsegula chikope, mkati moyera mbee. Mapeto ake zinapezeka kuti ndi likodzo la m'matumbo, lomwe linali litafika kale kuchiwindi.

Ndiye ndinene mosapsatira: chizolowezi chongotchula malungo pa kapamba aliyense chimatitayitsa ana. Malungo obwerezabwereza amatupitsadi kapamba, sindikukana. Koma mwana wamwa LA, malungo sakupezeka, mimba ili chitupire, wina n'kumatibe malungo? Ayi. Ndipo a m'basi ogulitsa mabotolo "owonjezera magazi" aja ndisayambe n'komwe, tingagone pano.

Kapamba akakula amatsekera maselo a magazi mkati mwake n'kumawawononga. Chidede chingaphule chiyani pamenepo?

Za Gaucher

Ndi matenda osowa, obadwa nawo. Anayamba kuwafotokoza ndi dokotala wa ku France, Philippe Gaucher, mu 1882. Thupi limaperewera enzyme yophwanya mafuta ena, ndiye mafutawo amaunjikana mu kapamba, m'chiwindi ndi m'mafupa. N'chifukwa chake ena amatuluka kamfuno pafupipafupi, kapena kulira ndi ululu wa mafupa. Mwana amatengera kwa bambo ndi mayi onse awiri, ngakhale iwo ali bwinobwino, choncho achibale a kuchimuna asakulozeni chala. Mankhwala alipo kuyambira 1991, a dilipi masabata awiri aliwonse moyo wonse, koma ndi odula koopsa.

Pemphani akutumizeni ku Queens kapena ku Kamuzu Central. Akayeze magazi onse, sickle cell ndi likodzo, akaunikenso mimba. Gaucher amatsimikiza poyeza enzyme ija m'magazi, funsani ngati angatumize kunja. Mpira wogundana mwanayo ayambe wausiya, kapamba wotupa sachedwa kuphulika.