Funsani Aphunzitsi: Kodi ku Scotland kuno akutiphunzitsadi?

FUNSO: Aphunzitsi, ndinafika ku Scotland mu Seputembala kudzachita digiri yachiwiri pa yunivesite ina. Ndinkayembekezera kukhala m'kalasi tsiku lonse monga tinkachitira kwathu, koma maola a makalasi pa sabata ndi ochepa kwambiri. Mphunzitsi sapereka manotsi, amangofunsa zimene tawerenga, ndipo anzanga amamutchula dzina lake loyamba n'kumamutsutsa pamaso. Ine ndimangokhala chete. Pa ntchito yoyamba yolemba ndinapeza 62. Kodi ndikulephera, kapena sakutiphunzitsa mokwanira?
Wodandaula, Scotland

YANKHO: M'bale wanga, khazikitsani mtima pansi, simukulephera ayi. M'mayunivesite ambiri a ku Britain, munthu wa digiri yachiwiri amakhoza akapeza 50, amayamikiridwa akapeza pakati pa 60 ndi 69, ndipo 70 ndiye chiyambi cha kukhoza mwapamwamba. Choncho 62 pa ntchito yoyamba ndi malikisi abwino.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi kaonedwe kanu ka maola opanda kalasiwo. Digiri yachiwiri kumeneko nthawi zambiri imatha m'miyezi 12 ndipo imakhala ndi makirediti 180, pamene kirediti imodzi imaimira maola pafupifupi 10 a ntchito. Ndiye kuti akuyembekezera maola 1,800 kwa inu, ndipo mwa makirediti amenewo 60 nthawi zambiri amakhala a kafukufuku amene mudzalembe nokha kumapeto. Phunziro limodzi la makirediti 20 ndi maola 200, koma a m'kalasi ndi kagawo kochepa chabe, otsalawo ndi a mu laibulale ndi pa tebulo lanu. Mphunzitsi akakupatsani mndandanda wa zowerenga sabata isanayambe, amenewo ndiwo manotsi amene mukuwafunawo, ndipo akalowa m'kalasi amakhala akuganiza kuti mwawerenga kale, mwapeza pamene wolembayo wafooka, ndipo mwabwera ndi maganizo anu. Amene sanawerenge amatuluka mu semina (kalasi yokambirana zimene mwawerenga) wopanda kanthu, n'kumaganiza kuti sanaphunzitsidwe.

Za kukhala chete ndikukumvetsani, chifukwa ife tinaleredwa kuti wamkulu akamalankhula mwana amatchera khutu, ndipo mwambo umenewu sindikuunyoza. Koma dziwani kuti mu semina ya kumeneko, mphunzitsi akaona wophunzira amene sayankhula amaganiza kuti sanakonzekere kapena nkhaniyo sikumukhudza. Anzanu akamamutsutsa sakumuchitira mwano, akumupatsa chimene wapempha. Inu yambani pang'onopang'ono: usiku woti mawa kuli kalasi, lembani pa pepala funso limodzi ndi mfundo imodzi imene simukugwirizana nayo, ndipo muzinene kalasi ikangoyamba, mantha asanakule. Muli ndi chuma chimene ambiri m'chipindamo alibe, chifukwa akamakambirana za ulimi, zaumoyo kapena chitukuko kuchokera m'mabuku, inu mukudziwa momwe mlimi amadikirira feteleza mvula itagwa kale, komanso mtunda umene mayi woyembekezera amayenda kuti akafike kuchipatala. Kunena zimenezo n'kuzigwirizanitsa ndi zimene mwawerenga ndiko kumakweza malikisi. Za dzina loyamba, ngati lilime likukana, nenani "Dr" kapena "Professor" ndi dzina la bambo, palibe amene angakhumudwe.

Safunsa anadya phula. Aphunzitsi ambiri kumeneko amapatula maola sabata iliyonse oti ophunzira akawapeze mu ofesi, choncho tengani ntchito yanu ya 62 ija, mukhale nawo pansi, muwafunse chimene chinasowa kuti ifike 70. Kawirikawiri yankho limakhala lakuti munafotokoza bwino zimene ena analemba koma simunasonyeze mbali imene inu mwaima. Muwafunsenso za katchulidwe ka mabuku amene mwatengamo mfundo, pakuti ntchito zambiri zimadutsa mu pulogalamu ya pa kompyuta monga Turnitin, ndipo kukopera mawu a wina osamutchula ndi mlandu waukulu ngakhale mutachita mosadziwa.

Muchite zimenezi mwezi uno, musadikire Disembala. Nthawi imeneyo ntchito zolemba ndi mayeso a chigawo choyamba zimabwera pamodzi, kuzizira kumakula, ndipo ku Edinburgh ndi ku Glasgow dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko masana. Mudzandilemberenso mukalandira malikisi a ntchito yachiwiri.