Za chibangili cha diso la buluu chija

Achemwali, mwafunsa ngati chibangili chimene alamu anu anakugulirani ku Istanbul, m'dziko la Turkey, chokhala ndi kamkanda kooneka ngati diso, ndi chithumwa monga akunenera apongozi anu. Ena pano athamangira kale kulemba kuti ndi za satana. Tiyeni tiyambe tachidziwa chinthucho.

Eni ake ku Turkey amati nazar boncuğu. Ndi galasi basi, losungunula m'ng'anjo. Mukakayang'anitsitsa muona buluu woderako kunja, kenako mzere woyera, buluu wowala, ndi kadontho kakuda pakati. Kufupi ndi mzinda wa Izmir kuli midzi ya Görece ndi Nazarköy komwe mabanja amadyera ntchito yopanga mikanda imeneyi. M'kati mwake mulibe mzu, mulibe tsitsi la munthu, mulibe chilichonse chosokeramo ngati zija amasoka asing'anga.

Komanso apongoziwo sanaphonye kwenikweni. Ntchito yake kwawoko si kubweretsa ndalama kapena banja, monga amanamizira ogulitsa pa intaneti. Ndi kutchinga diso la nsanje. Amakhulupirira kuti munthu akakusirira kwambiri, kaya pa mwana wonenepa bwino, galimoto yatsopano kapena sitolo yoyenda malonda, maso akewo angakugwetsere tsoka ngakhale iye asakufuna. Ndiye kadisoka kamayang'anizana ndi diso loipalo. Amakakoloweka pakhomo, pagalasi la takisi, ndiponso amakabaya ndi pini pachovala cha khanda. Kakasweka sadandaula, amati kalandira choipa chomwe chimadza kwa iwe, n'kugula kena. Amene munakula mukuona mwana atavala mphinjiri m'khosi mwamva kale nkhani yake. Ku Greece kadisoka kalikonso, amati mati.

Pa nkhani ya chipembedzo, musaganize kuti ndi cha Chisilamu poti chachokera ku Turkey. Mu 2021 bungwe la boma loona za chipembedzo kumeneko, Diyanet, linanena kuti kudalira mkandawu n'kosaloledwa m'Chisilamu. Koma anthu sanasiye. Ambiri amangovalira kutchena, ndipo kuyambira 2018 kadisoka kali ngakhale pa ma emoji a m'foni mwanumo.

Maganizo anga: alamuwo anangogula mphatso yomwe mlendo aliyense amagula kumeneko, musawakayikire. Ngati chikukukongolerani, valani popita kuntchito. Koma ngati mwayamba kuchita mantha kutuluka m'nyumba musanachivale, kapena mpingo wanu umakaniza zoterezi, chisungeni m'bokosi. Ndipo pokaona apongozi chivuleni, palibe chifukwa choyambanirana ndi akuluakulu pa kagalasi.

Chimodzi chokha ndikukanizani ndithu: mwanena kuti mumafuna kumveka mwana wanu wa miyezi isanu. Musatero. Ana a msinkhu umenewo chilichonse amapititsa kukamwa, ulusi ukaduka kamkandako kangamutsamwe.