Kwa achemwali amene afunsa za sukulu ya ski ya ana ku France

Achemwali, ndaona funso lanu. Mwati mu February, pa tchuthi cha half-term (tchuthi chapakati pa teremu kuno ku UK), mukupita ku mapiri a ku France ndi banja la anzawo a bambo a kunyumba, ndipo mukufuna kudziwa ngati n'koyenera kulipirira kamtsikana kanu ka zaka 4 ndi mnyamata wa zaka 7 sukulu ya ski (masewera otsetsereka pa sinowo, chipale chofewa chija, mutamanga timatabwa ku mapazi), komanso zimene zimachitika kumeneko. Ife tapitako kawiri ndi ana athu, ndiye ndilemba motalikirapo, mundipirire.

Lipirani ndithu. Koma musanatulutse khadi, yambani mwachotsa m'mutu chithunzi cha mwana akutsika phiri chamyaa ngati zija timaonera pa TV. Wa zaka 7 uja, akaikonda, pofika Lachisanu adzakhala akutsika mtsetse wosavuta pambuyo pa aphunzitsi ake, anawo atandandalika ngati anapiye. Koma wa zaka 4 ntchito yake mlungu wonse ndi kuzolowera nsapato zolemera, kugwa n'kudzidzutsa yekha, ndi kulola kuti amayi ake achoke. Basi. Ndikanadziwa zimenezi ulendo woyamba, bwenzi nditagona tulo tabwino m'malo momawerengera ndalama usiku wonse.

Sukulu yaikulu kumeneko ndi ESF, École du Ski Français. Inayamba mu 1945, ndipo pafupifupi mudzi uliwonse wa ski uli ndi nthambi yake. Aphunzitsi ake simungawasowe, amavala zofiira okhaokha. Ana aang'ono, kuyambira zaka 3, amawaika mu Club Piou Piou, dzina la kamwanapiye kachikasu kamene mudzakaone pa zikwangwani paliponse. Malo ophunzirira amawatcha jardin des neiges: kabwalo kotchingidwa ndi ukonde m'munsi mwa phiri, kotsetsereka pang'ono chabe moti munthu wamkulu n'kumafunsa kuti mtsetsewo uli pati. Muli zidole zazikulu, timageti toti ana azidutsa chowerama, ndi lamba woyenda yekha ngati wa pa bwalo la ndege uja, amene amawakweza kubwerera kumtunda. Malo ambiri ali ndi kanyumba kofundira, momwe amalowa akazizidwa kapena akafuna kuchimbudzi.

Tsiku loyamba mwina adzangoyenda ndi ski imodzi ku phazi limodzi, kuzungulirazungulira, kenako ziwiri. Akatero amaphunzira chinthu chimodzi chimene china chilichonse chimatsamirapo: kuyandikizanitsa nsonga za ski kutsogolo, zidendene n'kuzitalikitsa. Afalansa amati chasse-neige, koma kwa ana amangoti pizza, poti maonekedwe ake ndi a chidutswa cha pizza. Ndiye buleki yake imeneyo. Ski zikawongoka ziwiri zonse amati tchipisi, ndiye kuti liwiro. Mudzamva aphunzitsi akukuwa "pizza, pizza!" m'mawa wonse, ndipo madzulo mwana wanu adzakhala akupanga pizza ndi masilipasi m'khonde. Ndodo zija zogwira m'manja potsetsereka sawapatsa ana aang'ono, musavutike kubwereka.

Tsono nkhani ya kulira, poti mwati kamtsikanako n'kamanyazi. Wanga anali ndi zaka 4 ngati wanuyo. Lamlungu m'mawa tafika pa geti, ana ali balala, makolo ali piringupiringu, iye anandigwira mwendo gwaa, misozi ndi mamina zili chuchuchu mkati mwa magalasi. Mphunzitsi wamkazi anagwada, namuveka kajekete kopanda manja ka gulu lake, n'kundiuza ndi maso kuti pitani. Ndinachoka mtima uli m'malere, koma sindinapite kutali. Ndinakabisala kuseri kwa shopu yobwereketsa ski n'kumasuzumira. Sipanapite mphindi khumi, mwana anali atatonthola, akukankha chidole cha chimbalangondo ndi mnzake amene samamvana naye chinenero. Mawa lake ndinadzinyenga ndekha kuti ndiime pa mpanda ndimujambule kavidiyo kotumiza kwa agogo ake ku Ntcheu. Atangondiona anakhala pansi khu, n'kuyambiranso kulira, ndipo tsiku limenelo linapita pachabe. Wolakwa ndinali ineyo. Kuyambira pamenepo amene ankakamusiya ndi bambo ake, amene amatsanzika kamodzi n'kutembenuka osacheuka. Ngati pakhomo panu wolimba mtima ndi bambo, apatseni ntchito imeneyi.

Komabe mwana akalira masiku atatu otsatizana osatonthola, musamukakamize pofuna kupulumutsa ndalama. Ana ena pa zaka 4 amakhala asanakonzeke, miyendo ikadali yofewa, ndipo chaka chimodzi chimasintha zambiri. Mutengeni mukasewere ndi sinowo, akaumbe chimunthu, akatsetsereke pa kangolo kapulasitiki kaja. Zimenezonso amabwera akuzisimba kusukulu.

Ana ambiri amene amadana ndi ski kwenikweni amadana ndi kuzizidwa, ndipo apa ndi pamene ife akumudzi timalakwitsa chifukwa cha chikondi. Ine ndinamuveka masokosi awiri, thalauzi lamkati n'kulilowetsanso mu nsapato, ndikumati afundidwe. Ayi ndithu. Nsapato za ski ndi zapulasitiki yolimba, zimagwira mwendo thina, ndiye mukaunjikamo nsalu magazi sayenda bwino, zala zimachita dzanzi, makwinya a nsalu n'kumamutupitsa pa msongolo. Sokosi imodzi yaitali yofika m'bondo, yowongoledwa bwino, ndipo mu nsapato musalowe china chilichonse. Pathupi musanjikize zitatu: chamkati chogwira thupi chimene si cha thonje (thonje likanyowa ndi thukuta limazizira), kajuzi pakati, jekete losalowa madzi pamwamba. Magolovesi mugule aja ophatikiza zala zinayi pamodzi, amafunda kuposa a zala zogawikana, ndipo mutenge mapeyala awiri chifukwa amanyowa. Sikafu yaitali isiyeni, imatha kukodwa pa makina okwezera anthu. Gulani kansalu kozungulira khosi. Suti yachimodzi, yoyambira m'khosi mpaka kumapazi, imakongola pa zithunzi, koma taganizirani mwana wapanikizika, mphunzitsi ali ndi ana khumi. Jekete ndi thalauzi zosiyana ndiye zabwino, ndipo mumupititse kuchimbudzi musanamuveke nsapato, ngakhale akane. Masukulu ambiri amafunanso kuti mwana akhale atasiya matewera.

Chinthu chimene palibe kabuku kadzakuuzeni ndi tsitsi. Chisoti cholimba chija, helimeti, chimafunika kukhala bwino pamutu osagwedera. Wanga ndinamuluka zingwe zonenepa zokhala ndi mikanda, ati akaoneke bwino patchuthi. Ku shopu tinayesa zisoti zitatu, mikanda ikumubaya m'mutu, mpaka ndinakhala usiku wa Loweruka ndikumasula. Mulukeni mizere yogona yopita kumbuyo, yopanda mikanda pamwamba, mfundo zikathere m'khosi. Helimetiyo musaizembe. Ku Italy mu 2022 anaika lamulo loti aliyense wosakwana zaka 18 aziivala, ndipo ku France masukulu ambiri amafuna mwana aivale pa maphunziro. Mafuta oteteza ku dzuwa nawonso muwapake, musamvere zoti khungu lakuda silipsa. Pamwamba pa phiri dzuwa limaluma kwambiri, ndipo sinowo imalibweza kuchokera pansi, ndiye limapsereza ndi kunsi kwa chibwano komwe. Milomo imang'ambika, Vaseline asachoke m'thumba. Magalasi oteteza maso ndi ofunika ngakhale kuli mitambo.

M'thumba la jekete muikemo kapepala kolembapo dzina la mwana ndi nambala yanu ya foni, kuyambira ndi +44, komanso kachakudya kosavuta kutsegula atavala magolovesi. Pakati pa phunziro amapumula n'kudya.

Za kulembetsa, chitani msanga, lero lomwe ngati n'kotheka. Half-term ya kuno imagundana ndi tchuthi cha masukulu a ku France, amene amatsekera mosinthanasinthana mwezi wa February mpaka kumayambiriro kwa March, ndiye malo a ana amatha miyezi ingapo nthawi isanakwane. Maphunziro ambiri ndi a masiku 6, Lamlungu mpaka Lachisanu, maola awiri kapena awiri ndi theka m'mawa kapena masana. Kwa wa zaka 4 tengani ya theka la tsiku yokha. Ya tsiku lonse ndi chakudya chamasana ilipo, ndipo imakopa chifukwa makolo mumapeza mpata, koma kamwana kamafika madzulo katatheratu, n'kumalirira chilichonse. Wa zaka 7 angathe, ngakhale ine ndingayambe ndi m'mawa mokha n'kuona mmene akuchitira. Polembetsa funsani ngati gululo lili ndi mphunzitsi wolankhula Chingerezi, chifukwa m'midzi ing'onoing'ono ana ambiri amakhala Afalansa. Kwa wamng'ono chinenero sichivuta kwenikweni, amangotsanzira. Wamkuluyo ndiye angafune kumva chimene akuuzidwa. Kuli masukulu enanso, monga ESI ndi New Generation, amene amakonda kukhala ndi magulu aang'ono, koma kawirikawiri mtengo umakwererapo.

Muonenso pa mapu kuti kuchokera pamene mukugona kukafika pamalo okumanira ndi mtunda wotani. Mamita 500 amaoneka ochepa mpaka tsiku limene mudzayende nawo mutanyamula ski za ana awiri, wina akulira kuti nsapato zikulemera, pansi pali poterera, nthawi ikutha. Zipangizo mukabwereke Loweruka madzulo mukangofika, osati Lamlungu m'mawa pamene mzere umatulukira panja. Ski za mwana woyamba kumene zimakhala zazifupi, zosapitirira chibwano chake. Chiphaso chokwerera malifiti, makina okwezera anthu pa phiri aja, m'malo ambiri ndi chaulere kwa ana osakwana zaka 5, bola muonetse pasipoti, ndipo amene ali m'kabwalo kaja nthawi zambiri sachifuna n'komwe. Wamkuluyo mufunse sukulu tsiku limene adzayambe kuchifuna, musagule cha mlungu wonse mwachimbulimbuli. Ngati anzanuwo sanasankhe kale malo, ana aang'ono amagona bwino m'midzi yam'munsi. Val Thorens, mwachitsanzo, ili pa mamita 2,300, pamwamba kuposa nsonga ya phiri la Zomba, ndipo ana ena usiku woyamba amavutika tulo ndi mutu. Muziwamwetsa madzi pafupipafupi.

Lachisanu ndi tsiku la mamendulo. Aang'ono ali ndi masitepe awoawo, Piou Piou, Blanchot, Sifflote, Garolou, ndipo aliyense amatuluka ndi kenakake. Mnyamata wanu, poti ndi woyamba kumene, adzayambira pa Ourson, kenako zaka zikubwerazi Flocon, ndiye nyenyezi yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Amawayesa mayeso ang'onoang'ono, ndipo pa masitepe apamwambawa si onse amakhoza, choncho musamulonjeze mendulo inayake pasadakhale. Amapatsidwanso kakabuku kolembamo pamene wafika, kasungeni, kadzagwira ntchito ku nthambi ina iliyonse. Ndipo chonde polembetsa musamukweze kalasi poti "mwana wanga ndi wochenjera, amatha mpira". Akamuika ndi ana omuposa amangokhala wotsalira, akugwa yekha kumbuyo, manyazi n'kumugwira. Aphunzitsi amawasuntha okha tsiku loyamba kapena lachiwiri akaona kuti wina wapitirira anzake.

Ngati thumba likulola, musananyamuke apititseni kamodzi kapena kawiri kumalo a sinowo ya m'nyumba kuno konkuno. Kuli ku Hemel Hempstead, ku Milton Keynes, ndi ku Manchester pafupi ndi Trafford Centre. Ola limodzi lokha limakwana kuti mwana adziwe kulemera kwa nsapato zija, ndiye tsiku loyamba ku phiri sizimamudzidzimutsa. Inunso mayi lembetsani phunziro lanu la akuluakulu, musangokhala wosunga zikwama. Ine ndinayamba ndili ndi zaka 38, ndinagwa mpaka matako kuchita buluu, koma ana anasangalala kuona kuti amayi awonso amalephera pizza.

Ziwiri za mapepala. Inshuwalansi yanu ya ulendo iyenera kutchula masewera a m'nyengo yozizira, apo ayi sidzalipira. Khadi ya GHIC, ya zaumoyo ya ku UK yoyendera kunja ija, imathandiza kuchipatala cha boma, koma kutsitsa munthu wovulala kuchoka pa phiri ku France amalipiritsa, ndipo khadiyo siikhudza zimenezo. Chachiwiri, ngati wina m'banjamo akuyendabe pa pasipoti ya Malawi, akufunika visa ya Schengen, yolowera ku France ndi mayiko ena a ku Ulaya, ngakhale ali ndi chilolezo chokhala ku UK, ndipo nthawi ya tchuthi mpata wokaonekera umasowa.

Jekete ndi thalauzi za wanga wamng'ono zilipo m'katoni, za msinkhu wa zaka 4 mpaka 5, zapinki, bondo limodzi ndinasoka koma madzi salowa. Magolovesi ndiye latsala limodzi, linalo linatsalira pa lamba uja. Mukazifuna ndilembereni ku inbox tione zotumizirana.