Mpopi wodontha, pulinta yogwira mapepala ndi zina zimene zimabowa kunyumba ndi kuntchito

Achemwali, mwafunsa mmene mungathanire ndi tizinthu tosowetsa mtendere tsiku ndi tsiku, ndipo mwatchula mpopi wodontha usiku wonse, magetsi ozima wina akangoyatsa ketulo, pulinta ya kuofesi yogwira mapepala, firiji yonunkha, ndi anthu osiya zinthu zili mbwee. Ena akuyankhani kale ndi madandaulo awo. Apa tikambe za chimene chimayambitsa chilichonse mwa zimenezi, chifukwa nthawi zambiri mlandu umagwera amene wagwira chinthucho pomaliza pomwe vuto linayamba kalekale, ndipo zimene munthu amachita atapsa mtima ndi zimene zimalikulitsa.

Mpopi ukayamba kudontha, aliyense amautseka ndi mphamvu zake zonse, ena mpaka ndi manja awiri. Pamenepo ndi pomwe timauphera. Mpopi wozunguliza kangapo uja uli ndi kamphira kozungulira m'kati, washer, kamene kamatsika n'kutseka pakamwa pachitsulo podutsa madzi. Mukamafinya kwambiri, mkombero wa chitsulowo umadya mphirayo, ndiye mawa lake mudzafunika mphamvu yoposa ya lero. Madzi otayika si ochepa. Dontho limodzi pa sekondi ndi madontho 86,400 patsiku, ndipo poti madontho pafupifupi 4,000 amadzaza lita imodzi, patsiku pakutayika malita opitirira 20, pamwezi opitirira 600.

Kukonza kwake sikutenga theka la ola. Tsekani madzi polowera m'nyumba kapena pa valve yaing'ono ya pansi pa sinki, tsegulani mpopiwo kuti madzi otsala m'paipi athe, ndipo tsekani kabowo ka sinki, apo ayi ka screw kakagwera mmenemo ntchito yaima. Chotsani kachivundikiro ka pamwamba, masulani screw, zulani chogwirira. Pomasula nati yaikulu ndi sipanala, dzanja lina ligwire mpopiwo zolimba, chifukwa ukazungulira limodzi ndi nati mwayambitsa kudontha kwina pansi pa sinki. Mipopi yambiri ya sinki imagwiritsa ntchito washer ya theka la inchi, ya m'bafa losambira 3/4, koma pokagula tengani yakaleyo mukayerekeze. Musanatseke, pisani chala pomwe washer imakhala. Ngati pakukhakhala kapena pali kamzere kodyeka, yatsopanoyo sikhalitsa. Pamafunika kusalaza ndi kachida kake kamene mapulambala amakhala nako.

Mipopi yotseguka mukangopotoza pang'ono ilibe washer yotereyi. M'kati muli timbale tiwiri ta ceramic m'kachipangizo kotchedwa cartridge, ndipo amasintha konseko. Ya madzi otentha ndi ya ozizira kawirikawiri zimapotokera mbali zosiyana, choncho onetsetsani pogula. Ngati madzi akutulukira m'khosi mwa chogwirira osati kukamwa kwa mpopi, vuto ndi kamphira kooneka ngati mphete kapena kanati ka pakhosipo kamene kakhwepa.

Thanki ya chimbudzi imene imangolira osasiya ili ndi mavuto awiri okha oti muganizire. Vundukulani. Madzi akamasefukira m'kapaipi kotayira, ndiye kuti choyandama cha m'thankimo, chimene chimatseka madzi akadzaza, sichikutseka. Chitsitseni kuti madzi aziima masentimita awiri kapena atatu pansi pa kamwa ya kapaipiko. Ngati madzi sakufika pamenepo koma ikulirabe, thirani timadontho ta utoto m'thankimo n'kudikira mphindi 20 osagujumula. Utoto ukaoneka m'mbale ya chimbudzi, mphira wa pansi pa thanki watha.

Za magetsi tikhalepo pang'ono, chifukwa apa zobowa zimatha kusanduka moto. Wina wayatsa ketulo, magetsi thii, ndipo onse akumuyang'ana iyeyo. Koma ndi masamu chabe: ma volt kuchulukitsa ndi ma amp kumapereka ma watt. Kumene magetsi ali 230 V, ekisitenshoni yolembedwa 13 A imanyamula ma watt 2,990 basi, ndipo ya 10 A imanyamula 2,300. Kuchuluka kwa mabowo ake sikusintha kanthu, kaya ndi anayi kaya ndi asanu ndi limodzi, onse akugawana malire omwewo. Ketulo yokha imakoka pakati pa 2,000 ndi 3,000. Simbi imakoka 1,000 mpaka kupitirira 2,000. Microwave yolembedwa 800 W imakoka pafupifupi 1,200 kapena kuposa, chifukwa nambala ya kutsogoloyo ndi mphamvu yotenthetsera, osati imene ikutenga pakhoma. Chaja ya foni ndi ma watt 5 mpaka 25, ya laputopu kawirikawiri 45 mpaka 90. Ndiye machaja khumi pa ekisitenshoni imodzi si vuto, koma ketulo ndi simbi pamodzi zapitirira kale malire. Chilichonse chotenthetsa chipite pa soketi ya pakhoma chokha. Ma watt a chipangizo amalembedwa pa kapepala ka pansi kapena kumbuyo kwake.

Breaker, switchi ya m'bokosi la magetsi imene imazimitsa magetsi yokha pakakhala vuto, ili ndi kugwa kwa mitundu iwiri, ndipo anthu amakusokoneza. Breaker wamba imagwa katundu akachuluka, nthawi zambiri patapita kanthawi zinthu zikuyaka. Ina ija yokhala ndi kabatani kolembedwa T kapena Test imagwa magetsi akamathawira kumene sayenera, ngakhale ochepa kwambiri, 30 mA (kachigawo kakang'ono ka amp imodzi) pa zambiri za m'nyumba. Imeneyo ikamagwa mukangoyatsa ketulo ili yokha, musaganize za kuchuluka kwa katundu. Mwina madzi alowa pachokhazikira ketulo, mwina chitsulo chotenthetsa chang'aluka m'kati, mwina nthambo ya simbi yasupuka pomwe imapindika. Zulani mapulagi onse, kwezani breaker, kenako muzilumikiza chimodzichimodzi mpaka wolakwa adziulule. Zoika waya m'malo mwa fyuzi, zomangirira breaker kuti isagwe, kapena zoikapo yaikulu kuposa imene inalipo, musayese. Breaker imateteza waya wa m'khoma, ndipo ngakhale muikepo breaker yaikulu, wayayo sanakule. Pulagi ikamatentha moti simungaigwire, soketi ikasintha mtundu n'kuyamba kuda, kapena mukamva fungo la pulasitiki wopserera, lomwe nthawi zina limamveka ngati la nsomba, zimitsani muitane wodziwa zamagetsi. Nthambo yokulunga pa gudumu ija muziitambasula yonse musanalumikize chinthu chokoka kwambiri, chifukwa ili yokulungidwa kutentha kumasowa kothawira.

Kuofesi, pulinta ndiyo imadanitsa anthu. Kugwira mapepala kumachokera pa zinthu zitatu kawirikawiri. Choyamba ndi chinyontho: paketi yotsegulidwa ikakhala pansi kapena pafupi ndi zenera, mapepala amamwa chinyezi, amamatana, ndipo amapindika akafika potentha. Sungani otsala m'chikuto chake, pamalo ouma, atagona. Chachiwiri ndi kaikidwe. Pindani mpukutuwo pang'ono n'kuupeputsa ndi chala kuti mapepala alekane, alinganizeni pa tebulo, musadutse kamzere kosonyeza malire m'thireyi, ndipo timipanda ta m'mbali tingokhudza mapepala osawafinya. Musamaonjezere atsopano pamwamba pa akale osatulutsa onse n'kuwalinganiza. Mapepala wamba a A4 ndi 80 gsm, muyeso wa kulemera kwa pepala. Mukaika okhuthala, sinthani mtundu wa pepala pa kompyuta ndipo gwiritsani ntchito kathireyi kapadera ka kutsogolo kapena m'mbali. Chachitatu ndi timagudumu ta mphira tokoka pepala. Tikadzala fumbi timaterera, pulinta n'kumanena kuti mapepala atha ali tho. Zimitsani, pukutani timagudumuto ndi kansalu konyowa pang'ono kosasiya ulusi. Tikakhala tosalala monyezimira, tatha, ndipo timagulitsidwa patokha.

Pepala likagwidwa, musalisolole mobweza ndi ukali. Tsegulani zitseko zonse za pulinta, gwirani pepalalo ndi manja awiri, kokani pang'onopang'ono molowera kumene limapita. Mukalitulutsa onani ngati lili lathunthu, chifukwa kachidutswa kotsala m'kati kamakankha kachizindikiro kamene kamauza makina kuti pepala likadalimo. Mu pulinta ya laser, chigawo chomatira toner, inki ya ufa, pa pepala chimatentha kufika pafupifupi 200 °C, choncho dikirani chizizire. Mapepala akale okhala ndi sitepulo kapena zomata asalowemo. Ya inki yamadzi imafuna kusindikiza tsamba ngakhale limodzi pa sabata, apo ayi inki imaumira m'timabowo.

Ndiye pali chizolowezi chodina Print kakhumi poona kuti palibe chikutuluka. Zonsezo zikuima pamzere, ndipo pulinta ikadzuka idzatulutsa khumi. Pa Windows, tsegulani services.msc, imitsani Print Spooler, fufutani zili mu foda ya C:\Windows\System32\spool\PRINTERS, kenako yambitsaninso. Pulinta ya pa netiweki ikamaoneka offline, ngati yosalumikizidwa, pomwe ikuyaka, kawirikawiri adiresi yake ya IP, nambala yoizindikirira pa netiweki, yasintha router, kabokosi kogawa netiweki, itazima. Wa IT aipatse adiresi yokhazikika, nkhani ithere pomwepo.

Firiji yonunkha anthu amaitsuka mashelefu okha, fungo n'kubwerera mawa. M'kati kumbuyo, chakumunsi, muli kabowo kotulutsa madzi, ndipo madziwo amakagwera m'kathireyi ka pamwamba pa injini kuseri kwa firiji. Kabowo kakatsekeka madzi amadikha pansi pa madirowa, ndipo kathireyiko ndi komwe zoola zimaunjikana. Zulani pulagi, tsegulani kabowo ndi kawaya kofewa, tsukani ndi madzi ofunda osungunuliramo supuni ziwiri za soda pa lita. Kuzizira kukhale 5 °C kapena kutsika, mbali youmitsa -18 °C. Panani pepala ndi chitseko n'kulikoka. Likasololoka mosavuta, mphira wa chitseko sukugwira. Sinki ikamanunkha, yang'anani paipi yokhota ya pansi. Imasunga madzi otchinga mpweya woipa, ndipo ikauma kapena ikadzala mafuta, fungo limakwera. Imasuleni ndowa ili pansi, muitsuke. Jiki musamusakanize ndi viniga kapena mankhwala ena otsukira m'chimbudzi, amatulutsa mpweya wa poizoni.

Chitseko cholira chimafuna girisi pa msomali wa hinjesi, osati mafuta ophikira, amene amanata n'kukoka fumbi. WD-40, mafuta opopera a m'chitini, imaletsa kulirako kwa kanthawi koma siikhalitsa. Chikamakhula pansi kapena chikamakana kutsekeka, mangitsani kaye ma screw a hinjesi ya pamwamba musanaganize zochipala. Bowo likakula, lowetsanimo timitengo topaka guluu wa matabwa, aume, kenako bwezerani screw. Wi-Fi imene imaduka nthawi ya nkhomaliro ingakhale ikulimbana ndi microwave, chifukwa zonse zimagwira pa 2.4 GHz. Sunthani router, kapena lumikizani pa 5 GHz, ngakhale iyi siipyola bwino makoma. Foni yosachaja mpaka mutapinda nthambo nthawi zambiri yangodzala tiulusi ta m'thumba pabowo lake. Izimitseni, mutokose mosamala ndi kamtengo kosongoka, osati singano.

Zatsala za anthu, ndipo izi sipanala sizimva. Makapu akuda mu sinki, thireyi ya pulinta yopanda mapepala, bini losefukira, pepala la kuchimbudzi lotha: zonsezi zimachitika pamene ntchitoyo ndi ya aliyense, chifukwa aliyense amaganiza kuti mnzake achita. Chikalata cha pakhoma cholembedwa kuti tonse tizisamala ukhondo chimawerengedwa tsiku loyamba lokha. Chimene chimagwira ntchito ndi dzina ndi tsiku: sabata ino khitchini ndi ya uje, zonse zolowa m'firiji zilembedwe dzina ndi deti, zopanda dzina zimatayidwa Lachisanu nthawi yoweruka. Muzigwirizana onse mulipo, ndipo Lachisanu loyamba mutayedi, apo ayi lamulolo lafa. Pa zinthu zotha, lamulo likhale la wotsegula paketi yomaliza, osati womaliza kugwiritsa ntchito. Amene watsegula yomalizayo ndiye alembe kuti pagulidwe ina, nthawi ikadalipo. Kunyumba n'chimodzimodzi. Makiyi, limoti ndi chaja zimasowa chifukwa zilibe malo ake, ndipo malowo akhale pomwe munthu amaziponya kale, osati pomwe inu mukufuna.

Mafailo otchedwa lomaliza, lomaliza 2, lomaliza lenileni amatha mukayamba dzina ndi deti motere: 2025-03-07, chaka, mwezi, tsiku. Kompyuta imawandandalika yokha motsatana. Imelo yoyankha anthu 40 kuti mwalandira siifunika. Yankhani wotumiza yekha, ndipo polengeza kwa gulu lalikulu ikani mayina pa Bcc, malo amene olandira saonana mayina. Msonkhano wopanda mfundo zolembedwa pasadakhale ndi nthawi yothera ndiwo umadya m'mawa wonse. Woitanitsa atumize mfundozo dzulo lake, ndipo musanabalalike mulembe kuti chakuti achita uje pofika tsiku lakuti.

Mnzanu amene amaonera mavidiyo mokweza, kutenga zinthu pa desiki panu osapempha, kapena kudula anzake mawu, musamunenere pa gulu la WhatsApp ndi mawu ozungulira akuti anthu ena. Wolakwayo sadzimva, osalakwa ndi amene amakhumudwa. Mupezeni ali yekha, tsiku lomwelo kapena mawa lake, nkhani imodzi yokha, ndipo mutchule chinthucho, osati khalidwe lake. Kunena kuti "Achimwene, foni ikamalira mokweza ndikulephera kumva amene ndikulankhula naye, mungaike mahedifoni?" kumamupatsa choti achite. Kumuuza kuti alibe ulemu kumangotsegula mkangano. Mukalankhula kawiri osasintha, ndipo zikusokoneza ntchito, lembani madeti ndi zimene zinachitika, kenako kaonaneni ndi woyang'anira wanu mutanyamula zimenezo, mutamudziwitsa mnzanuyo kuti mukupita kumeneko.