Funsani Dokotala: Msana ukundiwawa, kodi ndi impso?

Funso: Adokotala, ndine bambo wa zaka 46, ndimadula nzimbe ku Dwangwa. Msana ukundiwawa tsiku ndi tsiku moti ndimamwa brufen wa pagolosale mmawa ndi madzulo, anzanga akuti ndi impso. BP anandipeza nayo chaka chatha koma mankhwala ndinasiya poti ndikumva bwinobwino.

Yankho: Bambo, msanawo sukundiopsa kwenikweni, munthu wowerama ndi chikwanje tsiku lonse msana umawawa basi. Chandidetsa nkhawa ndi brufen uyo ndi mankhwala a BP mwasiyawo. Impso zikamaonongeka sizipweteka ayi, munthu amangoyenda, kudya nsima yake bwinobwino, podzayamba kutupa mapazi ndi nkhope, mkodzo kuchita thovu, kufooka, ndiye kuti zapita patali kale.

BP ndi shuga ndi zomwe zimapha impso kwambiri. Ndiye inu mukuonjezerapo brufen, pomwe thukuta lakutherani padzuwa la ku Nkhotakota lija madzi osamwa okwanira, apo magazi opita ku impso amachepa zedi. Diclofenac ndi indocid nawonso ndi amodzimodzi. Ngati ululu wavuta bola panado, koma msanawo akauone achipatala.

Komanso ife a m'mbali mwa nyanja tili ndi likodzo. Ambiri tinakodzapo magazi tili ana nkumati ndi kukula, chonsecho mazira a tizilombo ta likodzo amapanga zipsera m'chikhodzodzo ndi m'njira za mkodzo, mkodzo nkumabwerera ku impso. Mankhwala a praziquantel amachiza likodzo, mukawauze achipatala ngati munakodzapo magazi.

Pitani kuchipatala cha boma ku Nkhotakota mukapemphe akuyezeni BP, shuga, mkodzo aone ngati muli protein, ndi magazi aone creatinine, zonyansa zomwe impso zimayenera kuchotsa m'magazi. Pa creatinine amawerengera nambala yotchedwa eGFR yosonyeza momwe impso zikusefera magazi, ikakhala pansi pa 60 kwa miyezi 3 ndiye timati impso zadwala. Ngati mumamwa ma ARV muwauze, ma ARV otchedwa tenofovir amafuna kuti impso ziziyezedwa, koma chonde musasiye kumwa panokha.

Mchere musapitirire magalamu 5 patsiku, ka tiyisupuni kamodzi, kuwerengera ndi wa mundiwo womwe. Kumunda muzinyamula chigubu cha madzi. Zitsamba za m'mabotolo zija amati zimatsuka impso zitayeni, zina ndi zomwe zimagonetsa anthu m'mawodi.

Dialysis ya boma, kusefa magazi ndi makina impso zikalephera, ili ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queens ku Blantyre, makina ndi ochepa, odikira ndi ambiri, ndipo kuchoka ku Dwangwa sabata iliyonse transipoti yokha ingakumalizeni. Mankhwala a BP aja mukayambirenso sabata ino.