Mafunso a Owerenga: Kodi anthu akuda a kumidzi ku America anaupeza bwanji ufulu wovota?

FUNSO: Ndimaphunzitsa mbiri yakale pasukulu ina ya sekondale, ndipo tikafika pa nkhani ya anthu akuda a ku America, dzina lomwe ophunzira amalidziwa ndi la Martin Luther King lokha. Mwana wina anandifunsa ngati alimi a thonje a kumidzi anatengapo mbali, kapena anangodikira kuti atsogoleri a m'mizinda awamenyere nkhondoyo. Kodi zinayenda bwanji? Mphunzitsi, Mchinji.

YANKHO: Aphunzitsi, mwana ameneyo wafunsa bwino, ndipo mumuuze kuti anthu a kumidzi sanadikire, koma ndi iwo amene anasenza katundu wolemera kwambiri. Tiyeni tione za chigawo cha Mississippi, komwe zinthu zinali zowawa koposa.

Papepala, amuna akuda anali ndi ufulu wovota kuyambira mu 1870, koma mu 1890 chigawochi chinalemba malamulo atsopano omwe anaika msonkho wa madola awiri pa wofuna kuvota, ndiponso mayeso. Pofika zaka za m'ma 1950, wofuna kulowa m'kaundula ankayenera kukopera ndi kumasulira ndime iliyonse yomwe mlembi wa kaundula wasankha pa ndime 285 za malamulo a chigawocho, ndipo mlembi yemweyo, amene anali mzungu, ndiye ankagamula ngati munthu wakhoza kapena walephera. Kuyambira mu 1962 mayina a ofuna kulembetsa ankasindikizidwa m'nyuzipepala kwa masabata awiri. Kuti mumvetse kuopsa kwake, ganizirani za tenanti wa pa esiteti ya fodya kuno kwathu, amene nyumba, mbewu, feteleza ndi chakudya cha ngongole zonse zili m'manja mwa bwana. Alimi ambiri a thonje ankakhala chomwecho, kotero dzina likangotuluka m'nyuzipepala, banja lonse linkatha kugona panja. N'chifukwa chake mu 1964, pa anthu akuda 100 alionse a msinkhu wovota, pafupifupi 7 okha ndi amene anali m'kaundula.

Achinyamata a SNCC, bungwe la ophunzira lomenyera ufulu wa anthu akuda popanda ziwawa, lomwe linayamba mu 1960 mothandizidwa ndi mayi Ella Baker, sanafike pa malo opanda eni ake. Bambo Amzie Moore, amene ankagwira ntchito ku positi ofesi m'tauni ya Cleveland, ndiwo anauza Bob Moses, mmodzi wa achinyamata a SNCC, kuti chomwe chikufunika ku Mississippi ndi voti, ndipo Moses anakayamba ntchitoyi ku McComb mu 1961. Ntchito yake inali yoyenda khomo ndi khomo m'misewu ya fumbi, kukhala pakhonde ndi eni nyumba, kumva madandaulo awo, kubwereranso kangapo mpaka mantha atachepa, kenako kuwaphunzitsa kudzaza fomu ndi kuwaperekeza ku ofesi. Amene ankapatsa alendowa pogona ndi chakudya, ndi kuwatsegulira matchalitchi usiku, anali anthu a m'deralo, ndipo ndi iwo omwe ankatsala pamaso pa adani alendo akachoka. Herbert Lee, mlimi komanso bambo wa ana 9, amene ankanyamula Moses pagalimoto yake, anawomberedwa pa 25 September 1961 pamalo opunthira thonje ku Liberty ndi E.H. Hurst, phungu wa nyumba ya malamulo ya chigawocho, ndipo wakuphayo sanalangidwe. Louis Allen, amene anaona zonse ndi maso ake, naye anaphedwa mu January 1964.

Ngati mukufuna munthu mmodzi woti ana amudziwe, auzeni za mayi Fannie Lou Hamer a ku Ruleville. Pa 31 August 1962, ali ndi zaka 44, anakwera basi pamodzi ndi anzawo 17 kupita ku Indianola kukalembetsa. Mayeso aja anawalephera, ndipo pobwerera apolisi anaimitsa basiyo n'kulipiritsa dalaivala ponena kuti inali yachikasu kwambiri ngati basi ya ana a sukulu. Atafika kunyumba, mwini esiteti yomwe anagwirapo ntchito zaka 18 anawauza kuti akachotse dzina lawo, apo ayi asamuke, ndipo iwo anasamuka usiku womwewo. Anabwereranso ku ofesi ija mpaka anakhoza mu January 1963, ndipo mu June chaka chomwecho anamenyedwa m'chitokosi cha apolisi ku Winona mpaka impso yawo inawonongeka. Mu August 1964 anafotokoza zonsezi pamsonkhano waukulu wa chipani cha Democratic ku Atlantic City, dziko lonse likuonera pa wailesi ya kanema. Chimene chimandikhudza pa mayiyu n'chakuti sukulu sanapite nayo patali, koma palibe wophunzira amene akanaifotokoza nkhaniyi momveka kuposa iwo.

Azungu olamulira ankakonda kunena kuti anthu akuda safuna n'komwe kuvota. Pofuna kutsutsa bodzali, mu November 1963 mabungwe anakonza chisankho choyerekezera m'matchalitchi ndi m'masitolo, ndipo anthu pafupifupi 80,000 anaponya mavoti. Chaka chotsatira kunabwera ophunzira mazanamazana ochokera kumpoto, ambiri a iwo azungu, ndipo kuphedwa kwa anyamata atatu a ntchito yolembetsa ovota, James Chaney, wakuda, ndi Andrew Goodman ndi Michael Schwerner, azungu, mu June 1964 kunagwedeza dziko. N'zomvetsa chisoni kuti dzikolo silinagwedezeke chimodzimodzi pa imfa ya Herbert Lee. M'miyezi imeneyo anthu pafupifupi 17,000 anayesa kulembetsa, koma omwe analandiridwa anali ngati 1,600 okha.

Apa m'pamene King akulowera moyenera. Zionetsero za ku Selma m'chigawo cha Alabama mu 1965, komwenso anthu a m'deralo anali atayamba kale ntchitoyi, zinakankha Pulezidenti Lyndon Johnson kusainira lamulo loteteza ufulu wovota pa 6 August 1965. Lamuloli linaimitsa mayeso aja ndi kulola boma la likulu kutumiza alembi ake. Komabe lamulo silitenga munthu kunyumba kupita naye ku ofesi, choncho amayi ndi alimi omwe aja anayendanso khomo ndi khomo, ndipo pofika mu 1967 anthu akuda olembetsa ku Mississippi anali pafupifupi 60 pa 100 alionse.

Mfundo ina yoti mukakambirane ndi ophunzira ndi ya malo. M'boma la Holmes, makamaka ku Mileston, kunali alimi akuda okhala ndi minda yawoyawo, omwe palibe bwana akanawathamangitsa, ndipo iwo ndiwo anatsogola kukalembetsa mu 1963. Mmodzi wa iwo, Hartman Turnbow, anamuponyera mabomba a moto panyumba usiku, koma anzakewo sanabwerere m'mbuyo. Mu 1967 boma lomwelo la Holmes linasankha Robert Clark, amene anakhala munthu wakuda woyamba kulowa m'nyumba ya malamulo ya Mississippi kuchokera m'zaka za m'ma 1890.